Tutu ya ovina ballet: kasokedwe kake ndi kumene inachokera

Telala wa pa Limbe: Moni nonse pagulu pano. Masiku ano makasitomala achuluka ofuna timasiketi ta neti ta ana, tovala pa ukwati kapena pa tsiku lokumbukira kubadwa, amati tutu. Ine ndimangokwinya neti n'kulumikiza ku lasitiki, chapamwamba n'kusoka cha chitenje, ndipo zimatuluka bwino ndithu. Koma ndikamaonera mavidiyo a ovina ballet pa Facebook ndimaona zina. Siketi yake imaima yokha m'chiuno, tambasuu ngati lichero, munthu n'kumazungulira koma iyo osagwa. Ena amavala zazitali zofewa, zolekeza m'katumba. Kodi zonsezi ndi tutu? Nanga yoimayo amaiumitsa ndi chiyani?

Mnyamata wa Makina: Si sitachi imeneyo amayi? Ine ndikuganiza kuti amainyika mu sitachi n'kuisita.

Anambewe ku Joni: Mwanawe, sitachi payokha singaimitse chinthu chimenechija. Achemwali a pa Limbe, ine kuno ku Johannesburg ndimasokera ana a pa sukulu ina ya ballet, ndiye ndikuuzeni mmene timachitira.

Poyamba iwalani zoti ndi siketi. Tutu yoimayo imayambira pa kabudula wamkati wa nsalu yolimba, wothina bwino. Pa kabudulayo m'pamene timasokerera neti yokwinya, mzere ndi mzere, mizere 10 kapena 12, ena amapitirira apo. Mzere wa pansi penipeni, wa kuntchafu, umakhala waufupi zedi. Wotsatira umatalikirapo pang'ono, choncho choncho mpaka wapamwamba umene umafika masentimita 30 kapena 40 malinga ndi msinkhu wa wovina. Mzere uliwonse umanyamula unzake wa pamwamba pake. Neti yakenso si yofewa ija timasokera velo ya mkwatibwi, ndi yokhakhala, yoti ukaifinya imabwerera yokha. Pa mzere umodzi wa pakati timasoka kanjira n'kulowetsamo waya wozungulira. Kenako pamabwera ntchito yopweteka zala, yomanga mizere yonse pamodzi ndi singano yapamanja, mfundo ndi mfundo, kuti isamatakasuke. Makina sathandiza pamenepo. Nsalu yokongola ija mumaiona ili ndi mikanda ndi lesi ndi chovundikira chabe, timaiyala pamwamba ntchito yonse itatha.

Telala wa pa Limbe: Zikomo achemwali. Ndiye kuti zimene tikusokera ana kunozi ndi zina, zoviniramozo ndi zinanso.

Anambewe ku Joni: Eya, koma musazinyoze zanuzo. Mwana wopita ku ukwati safunika waya m'chiuno, sangakhale nayo pampando.

Aphunzitsi Opuma: Ndiloleni ndilowepo. Mnyamata wathu sanaphonye kwenikweni. Kale, neti ya nayiloni isanabwere, matutu ankawasoka ndi nsalu yathonje yopyapyala yotchedwa tarlatan, ndipo nsalu imeneyo inkaumitsidwadi ndi sitachi. Nayiloni anaitulukira mu 1935 ndipo inafala pa zovala nkhondo yachiwiri itatha.

Funso lanu lina lija amayi, loti bwanji ina ndi yaitali ina yaifupi, yankho lake lili m'mbiri ya guleyu. Ballet inayambira m'nyumba za mafumu ku Italy, n'kukakulira ku France. Ovina ake anali eni nyumba omwewo, mafumu ndi nduna, ndipo ankavina atavala zovala zawo zolemera za kunyumba yachifumu. Mfumu Louis XIV mu 1653, ali mnyamata wa zaka 14, anavina ngati dzuwa lotuluka, atavala zonyezimira golide thupi lonse. Mu 1661 anakhazikitsa bungwe loyang'anira za kuvina ku Paris. Nthawi imeneyo wovina ankavala wigi wamkulu, nsapato za gogoda, chigoba kumaso. Akazi olembedwa ntchito yovina anayamba kuoneka pa siteji ya ku Paris mu 1681, ndipo madiresi awo ankakhudza pansi. M'zaka za m'ma 1700 anawonjezeranso mafelemu m'chiuno otukula diresi mbali zonse ziwiri. Munthu wovala choncho sangadumphe. Amangoyenda mwaulemu, kutembenuka, kuwerama. Amuna ndiwo ankadumpha chifukwa miyendo yawo inali pamtunda, ndipo iwowo ndi amene ankavala kasiketi kakafupi kouma, kolekeza m'ntchafu, kotchedwa tonnelet.

Mnyamata wa Makina: Aphunzitsi, mukuti siketi yaifupi anayamba kuvala ndi amuna?

Aphunzitsi Opuma: Inde mwana wanga, yang'ana zojambula za nthawiyo uona. Akazi anachita kulimbana kuti miyendo yawo imasuke. Awiri amene amatchulidwa kwambiri onse ndi a Marie. Marie Camargo, amene anayamba kuvina ku Paris Opera, nyumba yaikulu ya zisudzo ya ku Paris, mu 1726, anali ndi mapazi achangu, ankatha kudumpha n'kuombanitsa miyendo ali m'malere monga ankachitira amuna. Koma phindu lake linali chiyani ngati diresi ikubisa zonse? Iye anadula diresi yake kuti akakolo azioneka. Kwa ife ndi zochepa, koma anthu a nthawiyo anazikamba kwambiri. Mnzake Marie Sallé anapita patali. Mu 1734 ku London anavina gule wotchedwa Pygmalion atavala kansalu kopyapyala kokha, popanda mafelemu, tsitsi atalimasula. Kenako mu 1760 Jean-Georges Noverre anasindikiza makalata ake odandaula kuti zigoba, mawigi ndi zovala zolemera zikupha gule, nkhope ya wovina izioneka.

Tutu yeniyeni yoyamba anthu amaiwerengera pa 12 Marichi 1832, tsiku limene Marie Taglioni anavina La Sylphide ku Paris, gule amene anakonza ndi bambo ake, Filippo Taglioni. Ankasewera ngati mzimu wa m'nkhalango. Anavala chapamwamba chothina, mapewa ali pamtunda, ndi siketi yoyera ya nsalu zopyapyala zosanjikiza yolekeza pakati pa bondo ndi kakolo. Utali umenewo sunali wangozi ayi. Taglioni ankaima pa nsonga za zala zakuphazi, ndipo bambo ake ankafuna kuti anthu aone kuti mwana wawo sakuponda pansi ngati munthu wamba. Ndiyo yaitali ija mwaiona amayi. Gule wa Giselle wa mu 1841 mpaka lero amavina ndi yomweyo.

Mayi wa ku Leeds: Yaitaliyo ine ndiye imandigwira mtima. Ndinapita ndi mwana wanga kukaonera Giselle, ndipo m'chigawo chachiwiri atsikana onse atalowa atavala zoyera, nsaluyo inkatsalira m'mbuyo pang'ono iwo akadumpha, n'kumatsika mochedwa. Ndinamvetsa chifukwa chake anthu akale ankati akuona mizimu.

Anambewe ku Joni: Imeneyo mizere yake ndi yochepa, 3 mpaka 5 basi, ya neti yofewa. Chovuta chake ndi kudula m'munsi kuti pakhale pofanana wovina ataima pa zala. Ukayeza iye ataponda phazi lonse, pa siteji imaoneka ina.

Aphunzitsi Opuma: Koma kukongola kumeneko kunapha anthu, ndipo apa atelala mumvetsere. Paris Opera inayamba kuyatsa nyale za gasi mu 1822. Nyalezo ndi zimene zinkachititsa nsalu yoyera kuwala ngati nkhungu, koma unali moto weniweni, woyaka m'mphepete mwa siteji ndi m'mbali momwe ovina ankadikirira. Nsalu yathonje yopyapyala, yodzaza mpweya pakati pa mizere yake, ikangokhudza lawi imayaka yonse nthawi imodzi. Ku London, m'nyumba ya zisudzo ya Drury Lane, wovina wina wachitsikana dzina lake Clara Webster anapsa pamaso pa anthu mu Disembala 1844 n'kumwalira patangopita masiku ochepa.

Nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya Emma Livry. Anali mtsikana amene Taglioni mwiniwake anamusankha, mpaka anamukonzera gule wake mu 1860 wotchedwa Le Papillon, wonena za gulugufe. Mu 1859 boma la France linalamula kuti zovala za pa siteji zizinyikidwa m'mankhwala oletsa moto, njira imene anatulukira munthu wina wotchedwa Carteron. Vuto linali lakuti mankhwalawo ankaumitsa nsalu n'kuidetsa, kuyera kuja kumatha. Livry anakana kuvala zonyikidwazo, ndipo analemba kalata yovomera kuti chilichonse chimene chingamuchitikire ndi mlandu wake. Mu Novembala 1862, pokonzekera chionetsero cha La Muette de Portici, siketi yake inakhudza nyale ya gasi. Anavutika ndi mabala miyezi 8 n'kumwalira mu Julayi 1863, ali ndi zaka 20. Zotsalira za chovala chakecho anazisunga ku Paris Opera.

Anaphiri: Pepani aphunzitsi, koma pamenepo ine ndikuona makani a mwana. Anamuuza, mankhwala analipo, iye n'kusankha kuoneka bwino. Moyo ungaugulitse chifukwa cha kuyera kwa nsalu?

Anambewe ku Joni: Amayi Anaphiri, ine ndikukana. Mukanagwira ntchito ndi ovina mukanadziwa kuti kwa iwo nsalu si zodzikongoletsera. Mtsikana uja ankalipidwa chifukwa chooneka wopepuka. Mukamuveka nsalu youma, yolemera, yosauluka, mwamulanda chimene anthu ankalipirira pakhomo, ndipo mawa asankha wina. Amene anayenera kuchitapo kanthu ndi eni nyumbayo. Moto unali wawo. Kutchinga nyale ndi waya, kuika mabulangete onyowa pafupi, zimenezo sizinkafuna kuti mwana asaine kalata. Kalatayo inkateteza iwowo, osati iye.

Anaphiri: Zoti eni nyumba analakwa sindikutsutsa. Koma mayi ake anali kuti? Ine mwana wanga sindingamulole.

Mayi wa ku Leeds: Mayi ake analinso wovina, amayi. Anakulira momwemo, ankaziona ngati mmene ntchitoyo ilili.

Aphunzitsi Opuma: Chimene chinathetsadi ngozizi ndi magetsi. Nyumba ya zisudzo ya Savoy ku London inayatsa magetsi mu 1881, zina n'kumatsatira.

Telala wa pa Limbe: Nkhani imeneyi yandiopsa. Tiana timene timatisokerati timaima pafupi ndi makandulo a keke. Neti ya masiku anoyi ikapsa imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Ndiziwachenjeza makolo akamadzatenga.

Anaphiri: Chabwino. Nanga yaifupi ija, yoonetsa miyendo yonse, inabwera bwanji? Ine ndinene zoona, ndimaona ngati anaifupikitsa ndi amuna ofuna kuona ntchafu za ana a eni. Zina zonsezi n'zophimbira.

Aphunzitsi Opuma: Amayi, mbali ina mukunena zoona ndipo siyofunika kuibisa. Ku Paris Opera m'zaka za m'ma 1800, amuna olemera amene ankalipira mipando ya chaka chonse ankaloledwa kulowa m'chipinda cha kuseri kumene ovina ankakonzekera. Atsikana ambiri anali ochokera m'mabanja osauka ndipo malipiro awo anali ochepa, ndiye mukhoza kuona nokha mmene zinkathera. Wojambula Edgar Degas anajambula ovinawa kambirimbiri, ndipo pa zithunzi zina mumaona bambo wovala zakuda ataima m'mbali akuyang'ana. Chiboliboli chake cha mtsikana wa zaka 14, chimene anachionetsa mu 1881, anachiveka siketi ya nsalu yeniyeni. Mtsikanayo anali Marie van Goethem, bambo ake anali telala, mayi ake ankachapira anthu zovala.

Komabe kufupika kwenikweni kunadza ndi luso la miyendo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 aphunzitsi a ku Milan anatulutsa atsikana amphamvu kwambiri, ndipo nsapato za ku Italy zinali zolimba kunsonga kuposa za Taglioni, zimene zinali zofewa, zongolimbitsidwa ndi ulusi. Atsikanawa anapita kukavina ku St Petersburg, kumene Marius Petipa ankakonza magule. Carlotta Brianza anavina The Sleeping Beauty mu 1890. Pierina Legnani mu 1893 anazungulira ka 32 motsatizana ataima pa mwendo umodzi, winawo akuukwapula m'mbali, ndipo anabwerezanso mu Swan Lake ya mu 1895. Kuzungulira kotero siketi yofika m'katumba imakukulunga miyendo, komanso oonera sangaone ngati bondo lawongoka. Choncho inakwera kufika m'maondo, kenako pamwamba pa maondo. Yoima tambasuu imene anafunsa amayi a pa Limbe inakhazikika m'zaka za m'ma 1900.

Anambewe ku Joni: Ndionjezerepo. Mwamuna wovina naye amafunika kugwira mkazi m'chiuno pomuzungulitsa ndi pomunyamula. N'chifukwa chake pakati pa chapamwamba ndi neti timasiya chigawo chosalala chogwira m'chiuno, ndipo pamenepo sitiikapo mikanda yakuthwa. Telala wosadziwa akadzaza miyala yonyezimira m'chiuno, mnyamata amatuluka pa siteji manja ali magazi.

Anaphiri: Ndamva. Koma maganizo anga sanasinthe kwenikweni, zifukwa ziwirizo zinayendera limodzi.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo sindingakutsutseni. Ndipo amunanso zinawakhudza. Vaslav Nijinsky anachotsedwa ntchito ku St Petersburg mu 1911 chifukwa chovina Giselle atavala mataiti popanda kakabudula kapamwamba kamene amuna ankayenera kuvala.

Mnyamata wa Makina: Ine funso langa ndi la waya. Ndaona kanema wina atsikana ambirimbiri ali pamzere, matutu awo ndi aafupi koma ofewa, akugwedera ngati alibe waya. Ndi kusoka kolakwika kapena ndi mtundu wina?

Anambewe ku Joni: Waona bwino mwanawe, ndi mtundu wina, ndipo amene anaupanga ndi telala mnzathu amene ine ndimamulemekeza kuposa onse, Barbara Karinska. Anabadwira ku Kharkiv mu 1886, anali katswiri wopeta nsalu, ndipo atachoka kwawo anakagwira ntchito ku Paris, ku London, kenako ku New York ndi wokonza magule George Balanchine. Balanchine ankakonda kuika ovina ambiri pafupipafupi, akuthamanga. Mu gule wake Symphony in C, kumapeto kumakhala ovina oposa 40 pa siteji. Matutu a waya ankagundana, wina akakhudza mbali ino mbali inayo imatukuka, komanso wovina akaima, tutu imapitirizabe kugwedera nyimbo itadutsa kale. Mu 1950 Karinska anachotsa waya, anachepetsa mizere kufika 6 kapena 7, anaifupikitsa, mzere uliwonse kutalikirapo theka la inchi pa unzake, n'kuimanga momasuka. Tutu inayamba kuyenda limodzi ndi thupi.

China chimene anachita, chimene atelala tonse tingatengerepo ngakhale pa diresi ya ukwati, ndi kadulidwe ka chapamwamba. Zigawo za m'mbali ankazidula mopingasa nsalu, mwa kona, kuti zizitamuka pang'ono. Wovina amapuma mwamphamvu, nthiti zimatukuka. Chovala chikhale chothina koma munthu apume. Mayi ameneyu analandiranso mphoto ya Oscar chifukwa cha zovala za mu filimu ya Joan of Arc ya mu 1948.

Telala wa pa Limbe: Zodula mwa konazo ndimachita pa kolala ndi pa mpendero, koma m'mbali mwa chapamwamba sindinaganizepo. Nanga kumbuyo amaika zipi?

Anambewe ku Joni: Zipi ayi achemwali, ikaphulika pakati pa gule palibe chochita. Timaika tingowe tachitsulo, ndipo tokolekamo take timasoka mizere iwiri kapena itatu, kuti chovala chimodzi avale anthu osiyana matupi. M'magulu akuluakulu tutu imodzi imavalidwa zaka zambiri, ndipo mkati mwake mumapeza mayina a onse amene anaivalapo. Kuchapanso sitichapa wamba. Kabudula wamkati yekha ndiye timamutsuka ndi manja mosamala, chapamwamba ambiri amachipopera mowa wa vodka kuti fungo la thukuta lichoke. Posunga timaigoneka pansi, kapena kuipachika chadodolido kuti neti isazolowere kugwa. Ikayamba kufooka timaiwongola ndi nthunzi n'kumanganso mfundo zija.

Aphunzitsi Opuma: Chodabwitsa n'chakuti Balanchine yemweyo ndi amenenso anavula ovina zokongoletsa zonse. Gule wake The Four Temperaments anayamba mu 1946 ndi zovala zambiri zobisa thupi, ndipo mu 1951 anazichotsa, ovina n'kutsala ndi zovala zophunzirira zakuda ndi zoyera. Agon ya mu 1957 inayambira pomwepo, yopanda tutu.

Mayi wa ku Leeds: Popeza mwatchula Agon, ndikufuna tikambe za mtundu. Mwana wanga atayamba ballet kuno, pa pepala la zofunika analemba mataiti apinki ndi nsapato zapinki. Cholinga cha pinkiyo kuyambira kale chinali chakuti mwendo uoneke ngati sunavale kanthu, mzere ukhale umodzi kuchokera m'chiuno mpaka ku chala. Zimenezo zimatheka pa khungu la mzungu. Pa mwana wanga, manja ndi nkhope ndi zakuda, miyendo yapinki, thupi limaoneka lodulidwa pakati. Arthur Mitchell, wovina wakuda amene anavina mu Agon muja, anayambitsa Dance Theatre of Harlem mu 1969, ndipo m'zaka za m'ma 1970 gulu lake linayamba kuvala mataiti ndi nsapato zofanana ndi khungu la wovina aliyense. Koma m'masitolo munalibe. Kwa zaka zambiri ovina akuda ankagula nsapato zapinki n'kumazipaka okha zodzoladzola za kumaso, peyala iliyonse, chonsecho nsapato zimenezi sizichedwa kutha. Kampani ya Freed of London inayamba kugulitsa zofiirira mu 2018, mogwirizana ndi gulu la Ballet Black. Taganizani, 2018.

Anaphiri: Apo ndiye ndili nanu limodzi mayi. Mwana asamachite kudzipenta kuti alandiridwe.

Anambewe ku Joni: Kuno tinali ndi Dada Masilo, wovina ndi wokonza magule wa ku Soweto, amene anatisiya mu Disembala 2024. Mu Swan Lake yake ya mu 2010 anaveka matutu oyera amuna ndi akazi omwe, ambiri opanda nsapato, akuponda pansi mwamphamvu ndi kugwedeza chiuno, zinthu zimene mu ballet yakale amaletsa. Ine monga telala ndinkayang'ana neti. Tutu inapangidwa kuti chiuno chikhale chete iyo ili phee, koma pa ovina ake inkanjenjemera ndi kudumpha, ndipo inkakongola mwa njira ina imene sindinaionepo kwina.

Mnyamata wa Makina: Anambewe, ndiye mwana wakuda akabwera kwa inu mumatani ndi kabudula wamkati uja, ndi timalamba ta m'mapewa? Kapena zofiirira zake zimapezeka?

Anambewe ku Joni: Zina zimapezeka, koma khungu la anthu si limodzi, ndiye nthawi zambiri ndimanyika ndekha. Lasitiki ya m'mapewa ndi kaneti kotseka pachifuwa ziyenera kusowa pa khungu, munthu wokhala kutali asazione. Uyambe wadziwa nsalu yako. Nayiloni imamwa utoto bwino m'madzi otentha othira viniga pang'ono, poliyesitala imakana, umangotaya utoto wako. Dula kachidutswa, unyike, udikire kaume chifukwa konyowa kamaoneka kakuda kuposa mmene kalili, kenako ukaike paphewa pa mwanayo panja pa dzuwa komanso pansi pa getsi. Ukakhutira m'pamene unyike zonse, ndipo unyike usanasoke.